Kupalasa Njinga Kumapiri m'Nyengo ya Chisanu

Mwezi wa Juni ukafika, mphepo ya mwera imalimba pa nyanja ndipo imawomba mpaka mu Ogasiti. Imeneyi ndiyo nyengo imene anthu a ku Nkhotakota amati kwazizira. Koma malonda saima chifukwa cha chisanu. Tambala woyamba akamalira, ogulitsa nsomba amakhala atamanga kale madengu a usipa ndi utaka pa njinga zawo, ndipo amanyamuka awiriawiri kapena atatuatatu kulowera ku Malomo, ku Ntchisi ndi ku Kasungu. Nkhani ino talembera iwowa, pamodzi ndi amayi amene amawakonzera kamba wa paulendo.

Kumaiko ozizira, monga ku Canada ndi ku Norway, kumagwa chipale chofewa, choyera ngati ufa, ndipo achinyamata ena amapalasa njinga za matayala aakulu pa chipalecho m'mapiri mongosangalala ndi anzawo. Kwathu kuno chipale sichigwa. Timangomva kuti ku Nyika ndi pamwamba pa phiri la Mulanje mame amauma pa udzu usiku. Komabe munthu akhoza kudwala kwambiri, ngakhale kufa kumene, ndi kuzizira kosafika poumitsa madzi. Chimene okwera njinga a kumaikowo amachiopa ndi chomwecho chimene ife tiyenera kuchiopa: zovala zonyowa ndi thukuta zikakumana ndi mphepo.

Kunyanja ndi kumtunda

Nyanja ya Malaŵi ili pa mamita pafupifupi 470 pamwamba pa nyanja ya mchere. Phiri la Chipata, limene lili m'nkhalango ya nyama ya Nkhotakota, ndi phiri la Ntchisi onse apitirira mamita 1,600. Munthu akakwera mamita 1,000, mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6. Ndiye chifukwa chake malaya amodzi amene akukwanirani pa gombe la Chia sakukwanirani mukafika kumtunda, makamaka kukachita nkhungu ndi mvula yowaza.

Pokwera chitunda ndi katundu, thupi limagwira ntchito yaikulu ndipo limatentha. Thukuta limatuluka, malaya nanyowa. Apa munthu samva kuzizira konse, ndipo amaseka mnzake amene wanyamula juzi. Vuto limayamba pamene waima pamwamba kuti apume, kapena pamene wayamba kutsetsereka osapalasa. Thupi laleka kupanga moto, koma mphepo ikuwomba pa chifuwa chonyowa. Madzi amachotsa kutentha m'thupi msanga koposa mpweya wouma kangapo konse. Motero njira yobwerera kunyanja madzulo, imene anthu amaiyesa yopepuka, ndiyo yoopsa koposa. Zala nazo zimachita dzanzi, ndipo zala za dzanzi sizigwira bwino mabuleki pa mtsetse.

Thupi la munthu wabwinobwino limatentha madigiri 37. Likatsika kupitirira pa 35, munthuyo wadwala. Poyamba amanjenjemera, mano nagundana. Kenaka lilime limalemera, amayankha zosagwirizana ndi funso, amalephera kumanga chingwe cha dengu, ndipo njinga imayenda mokhotakhota ngati ya woledzera. Akaleka kunjenjemera koma thupi lake likadali lozizira, naodzera, musaganize kuti wachira. Pamenepo zafika poipa.

Chovuta nchakuti munthu wokongwa motere sadzizindikira, pakuti kuzizirako kwasokoneza nzeru zake. Amakana thandizo, amati ndisiyeni ndigone pang'ono. Amene angaone ndi mnzake woyenda naye. Nchifukwa chake tikuti musayende nokha, ndipo wamphamvu asathamange kusiya wofooka m'mbuyo. Pa msewu wa M18, umene umadutsa m'nkhalango, pali chifukwa chinanso choyendera limodzi ndi kudikira kuti kuyere: m'zaka za 2016 ndi 2017 anabweretsamo njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete.

Kodi tivale bwanji?

Zovala zopyapyala ziwiri kapena zitatu zimaposa chijasi chimodzi cholemera, chifukwa mukhoza kuvula ndi kuvala monga momwe njira ikufunira. Poyamba chitunda vulani juzi, muikulunge m'pepala la pulasitiki kuti isanyowe. Mukafika pamwamba vulani malaya onyowawo, valani ouma, juzi ndi jekete pamwamba, musanakhale pansi. Wopanda jekete aike nyuzipepala kapena thumba louma pa chifuwa, mkati mwa malaya, mphepo siipyola. Chipewa chophimba makutu nchofunika, ndipo sokosi zakale zikhoza kulowa m'malo mwa magolovesi.

Musanyamuke ndi njala. Chakudya ndicho nkhuni za thupi. Phala, mbatata, chinangwa chophika kapena mkute wa kondowole zimakwanira, ndipo mtedza ndi nthochi zikhale m'thumba. Imwaninso madzi kapena thobwa ngakhale ludzu silikumveka.

Za kachasu tinene mosabisa. Ambiri amakhulupirira kuti kapu imodzi imachotsa chisanu, ndipo nzoona kuti womwayo amamva kufunda. Mowa umatsegula timitsempha ta pakhungu, magazi otentha nathamangira kunja, kumene mphepo imawaziziritsa. Khungu likumva kufunda, m'kati mukuzizira. Kuwonjezera apo mowa umagonetsa munthu pa nthawi imene ayenera kukhala maso.

Mnzanu akakongwa

Mchotseni pa mphepo. Mvuleni zonyowa, mumfunditse bulangete kapena zovala zanu zouma, osaiwala mutu ndi khosi. Asagone pa dothi. Yalani matumba kapena udzu wouma. Wina agone momkhudza kuti amgawire kutentha kwa thupi lake. Ngati ali maso ndipo akutha kumeza, mpatseni tiyi wa shuga kapena phala lotentha pang'onopang'ono. Wokomoka musamwetse kanthu, angatsamwe. Musamtikite manja ndi miyendo, musamuthire madzi otentha, ndipo musamuyandikize kwambiri pa moto, pakuti khungu la dzanzi limapsa mwini wake osamva. Ngati akulankhula zosokonekera kapena akuodzera, mnyamuleni mosamala kupita naye kuchipatala chapafupi, kaya ku Malomo, ku Ntchisi kapena ku Nkhotakota.

Amene mumagona kumsika kudikira malonda a mawa, chenjerani ndi mbaula. Makala oyaka amatulutsa mpweya wakupha umene suoneka ndipo sununkha. Otherani pa khonde, kenaka muitulutse kunja musanatseke chitseko.

Pomaliza, si kunjenjemera konse kumene kumachokera ku mphepo. Gwirani pa mphumi pa mnzanuyo. Ngati akunjenjemera koma thupi likutentha, mutu ukuwawa, mwina ndi malungo, amene kunyanja kuno satha ngakhale m'nyengo ya chisanu. Akayezetse magazi tsiku lomwelo. Ngati akutsokomola, akupuma mofulumira ndipo akumva kulasa m'nthiti, mwina ndi chibayo. Ndipo amene walumidwa ndi kashembe podutsa m'nkhalango, nayamba kutentha thupi patapita masiku angapo, awauze adokotala za kulumidwako, kuti amuyezenso matenda a kaodzera.