Mfuti ya ku Germany yodya zipolopolo za ku America

Munthu akandibweretsera mfuti yakale ya asilikali kuti ndimuuze mtundu wake, amathamangira kundionetsa chidindo cha fakitale. Ine ndimayamba ndafufuza ngati mfutiyo idakali ndi mpope umene inabadwa nawo, chifukwa zambiri zinasinthidwa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha.

Titenge Karabiner 98k ya ku Germany. Pachitsulo chapakati mupeza zilembo monga "byf 43", kutanthauza fakitale ya Mauser ku Oberndorf, chaka cha 1943. Inapangidwira chipolopolo cha 7.92x57. Asilikali a Germany atagonja mu 1945 anasiya mfuti zotere zambirimbiri ku Norway. M'zaka za m'ma 1950 dzikolo linkalandira zipolopolo za .30-06 kuchokera ku America, ndiye amisiri a ku Kongsberg, m'dziko lomwelo, anazula mipope yakale n'kuikamo yatsopano. Chipolopolo cha ku America n'chachitaliko, choncho anasema kampata pamphepete pa chitsulo chapakati kuti chizilowa bwino. Mukaona kampatako, komanso mawu akuti HÆR pambali, dziwani kuti mfutiyo inadutsa m'manja mwa gulu lankhondo la Norway.

Pamenepa m'pamene pali ngozi. Chipolopolo cha 7.92 n'chachifupi, moti chingathe kulowa n'kutsekeka, koma mutu wake ndi mamilimita pafupifupi 8.2 pamene mpope watsopanowo unapangidwira wa 7.8. Wokhulupirira chidindo cha chiwombankhanga cha Germany chokha angaphulitse mfuti pankhope pake.

A ku Israel anachita mwanzeru. Mfuti zawo za Mauser, zambiri zogulidwa ku Czechoslovakia cha m'ma 1948, atazisinthira ku 7.62x51 ya NATO anadinda "7.62" wamkulu pachitsulo, n'kumuwotcheranso pathabwa kuti msilikali asasokonezeke.

Zimene zimandidetsa nkhawa ndi Mauser za 1895 za ku Chile. Pozisinthira ku chipolopolo china, pa zina mwa izo sanasinthe mpope wonse. Anakuza bowo lake n'kumatiramo kachitsulo pamalo pokhala chipolopolo. Moto wa onga umadya pamsoko pamenepo pang'onopang'ono. Mfuti yotereyi ndimalangiza kuti ikhale yoonetsa basi. Ina iliyonse yokayikitsa ipite kwa mmisiri wa mfuti, athiremo chitsulo chosungunuka msanga, chikauma achitulutse n'kuchiyeza. Muyeso umenewo ndiwo umanena chipolopolo choyenera.

Osonkhanitsa ena amanyoza mfuti zosinthidwazi, amati n'zoonongeka. Ine ndimakana. Mfuti imene munthu wadula thabwa kunyumba kwake kuti azisakira nyama, imeneyo inde yaonongeka. Koma yosinthidwa ndi boma, yokhala ndi zidindo za mayiko awiri, imakuuzani amene anagonja, amene anatola zida zake, ndi amene ankamupatsa zipolopolo pambuyo pake.

Samalaninso ndi Ishapore 2A1 ya ku India. Ogulitsa ambiri amaitcha Lee-Enfield yosinthidwa, chonsecho inapangidwa yatsopano m'zaka za m'ma 1960, ya 7.62 kuchokera pachiyambi.