Kodi a khonsolo ankayendetsa bwanji mzinda kompyuta kulibe?

Ana inu a ku Area 25, mukamatumidwa kukagula tomato pa msika wa Nsungwi, mudzayang'anitsitse. Pamadutsa munthu atagwira kabuku ka matikiti, benchi ndi benchi. Mayi wogulitsa amamasula mfundo ya pa chitenje n'kupereka ndalama, iye n'kung'amba tikiti. Ameneyo ndi wa khonsolo ya mzinda wa Lilongwe, ndipo ntchito yotolera ndalama za msikayi inayamba makolo anu asanabadwe.

Lilongwe wa kale anali kamzinda chabe. Pa kalembera wa mu 1966 munali anthu osakwana 20,000, ndipo likulu la dziko linali ku Zomba. Boma la Dr Kamuzu Banda litaganiza zosamutsa likulu, mu 1968 linakhazikitsa bungwe lomanga mzinda watsopano, lomwe anthu ankangolitchula kuti CCDC. Bungweli ndi lomwe linatsogolera ntchito yodula malo ndi kulambula misewu ya madera atsopano. Lilongwe anakhala likulu mu 1975, ndipo pofika 1977 anthu anali atatsala pang'ono kukwana 100,000.

Anthu onsewa akanagona kuti? M'madera ngati Area 25, kufupi ndi mafakitale a ku Kanengo, munthu ankapatsidwa puloti yokha, yokhala ndi nambala yake. Nyumba ankamanga yekha, ambiri ndi zidina, ndipo madzi ankakatunga pa mpopi wa gulu. Mapulotiwa poyamba sanali m'manja mwa khonsolo. CCDC itatha mu 1984 ankayang'aniridwa ndi Malawi Housing Corporation, ndipo khonsolo inawalandira mu 1992.

Nanga khonsoloyo inkatani tsiku ndi tsiku? Inkagwira ntchito zomwe munthu saziona zikamayenda bwino: kusesa m'misika, kuchotsa zinyalala, kutsegula ngalande mvula isanayambe, kusamalira manda, kuzimitsa moto nyumba ikapsa. Oyendera zaukhondo ankalowa m'mabutchala ndi m'malo odyera kukaona ngati nyama ili bwino ndiponso ngati chimbudzi chilipo. Wofuna kutsegula golosale ankayenera kukadula laisensi, ndipo wofuna kumanga nyumba m'dera la mapulani ankayamba wakaonetsa pulani yake.

Zonsezi zimafuna ndalama. Zina zinkachokera pa matikiti a msika aja ndi malaisensi, zambiri ku msonkho womwe eni nyumba ndi masitolo amalipira chaka ndi chaka.

Tsono apa ndi pomwe pali nkhani yokoma. Kunalibe kompyuta, kunalibe kulipira pa foni. Wolipira ankafola pa zenera la ofesi ndalama ili m'manja. Kalaliki ankatsegula buku la malisiti n'kulowetsa kapepala kopyapyala ka inki, kotchedwa kaboni, pakati pa masamba awiri. Akamalemba pa tsamba la pamwamba ndi bolopeni, mawu omwewo ankadindika okha pa tsamba la pansi. La pamwamba ankang'amba n'kupatsa wolipira, la pansi linkatsala m'buku. Madzulo ankawerenga ndalama za m'bokosi n'kuyerekeza ndi masamba otsala aja. Ngati malisiti akunena 20 kwacha koma m'bokosi muli 19 kwacha ndi 90 tambala, sankaweruka mpaka 10 tambala ija itapezeka. Musaseke, tambala nthawi imeneyo inali ndalama yogulira zinthu. Kwacha ndi tambala zinabwera mu 1971; chisanafike chakachi, makalaliki ankawerengera mapaundi, masheleni ndi makobiri.

Makalata ankatayipidwa pa makina olira kuti kha-kha-kha, ndipo wotayipa akalakwitsa chilembo ankachita kufufuta kapena kuyambiranso tsamba lonse. Kalata ikatha inkadindidwa chidindo, mesenjala n'kukaisiya pa njinga. Nkhani iliyonse inali ndi fayilo yake. Fayilo ikasowa, mwini nkhani ankangomva kuti abwerenso mawa. Ine ndimati munthu wofunika kwambiri pa ofesi yotere sanali bwana wa tayi, koma wosunga mafayilo.

Pamwamba pa onse panali makhansala, motsogozedwa ndi meya. Iwo ankakumana n'kukambirana kuti msewu uti ukonzedwe, msika uti ukhale ndi chimbudzi, ndipo mlembi ankalemba zonse zomwe agwirizana. Kuyambira 1966 mpaka 1993 m'Malawi munali chipani chimodzi chokha, Malawi Congress Party, choncho makhansala onse anali a chipani chimenecho. Panadzakhalanso nthawi ina, kuyambira 2005 mpaka 2014, pomwe dziko lonse linalibe makhansala chifukwa chisankho chawo sichinkachitika, ndipo ogwira ntchito m'maofesi ndi omwe ankayendetsa zinthu.

Kalembera wa mu 2018 anapeza anthu pafupifupi 990,000 mu mzinda wa Lilongwe. Ambiri mwa iwo amakhala m'madera monga Chinsapo ndi Mgona, omwe anakula popanda wodula mapuloti kapena kulambula misewu, moti galimoto ya zinyalala imalephera ngakhale polowera.