SAPITWA SAFUNA MUNTHU WALIUMA

M'dziko lonse la Malawi mulibe nsonga yaitali yoposa Sapitwa, pa Phiri la Mulanje, imene iri mamita 3,002 kuchokera pa nyanja yamchere. Dzinalo palokha ndi chenjezo, pakuti makolo ankati kumeneko sikupitidwa, ndi kwao kwa mizimu. Masiku ano anthu amakwerako chaka ndi chaka, ndipo ambiri amabwerako bwino. Koma aphunzitsi ndi anchito a Boma amene amakonza maulendo a patchuthi ayenera kudziwa chimene chinawapeza owerengeka aja amene sanabwereko.

Ambiri amayambira ulendo ku Likhubula, kumene kuli ofesi ya za Nkhalango ndi amuna odziwa phiri amene amaperekeza alendo ndi kuwasenzera katundu. Atakwera tsiku lathunthu kapena masiku awiri, amakagona m'kanyumba ka Chisepo, patsinde pa nsongayo. Kufikira pamenepa chobvuta ndi chitunda chokha, poti njira imaoneka.

Mabvuto amayamba m'mawa mwake. Kupitirira Chisepo njira yopondedwa imatha, ndipo chotsala ndi madontho a penti yofiira opakidwa pamiyala, lina apa, lina patsogolo. Munthu amakwawa pa matanthwe otsetsereka ndi manja ndi miyendo yomwe, napanikizika m'mipata ya miyala ikuluikulu ngati nyumba, nthawi zina nkudutsa pansi pake chowerama. Kuwonjeza apo, nsonga imene akuiona kutsogolo kawirikawiri siikhala yeniyeniyo. Akafikapo amapeza ina itaima kuseri kwake. Kukwera kumatenga maola atatu kapena anai, ndipo kutsika sikufulumira monga amaganizira achinyamata, chifukwa miyendo imakhala italema.

Tsono mdani wamkulu ndiye nkhungu. M'miyezi yozizira, mphepo ya chiperoni, imene inatenga dzina ku Phiri la Chiperone ku Mozambique, imabwera ndi mvula yowaza, ndipo m'kanthawi kochepa munthu sathanso kuona dontho lotsatira. Thanthwe lonyowa limaterera ngati sopo. Amene wataya madontho amatsata chigwa choyamba chimene wachiona, poyesa kuti kutsika kulikonse nkopita kumudzi, osadziwa kuti zigwa zina zimathera paphompho. Usiku ukamupeza atanyowa, chisanu chimatsiriza nchito.

Izi sinthano ai. Mu 2003 mtsikana wa ku Netherlands anakwera yekha ndipo anasowa. Mu July 2009 Gabriel Buchmann wa ku Brazil, mnyamata wophunzira za chuma, anasiya womperekeza napitirira yekha. Mtembo wake unapezeka mu August, atafa ndi kuzizira. Ena anati mizimu yakwiya. Za mizimu aziweruza ndi eni phiri, koma chodziwika kwa onse nchakuti awiriwa anali okhaokha, popanda wodziwa njira.

Popeza mu 2025 bungwe la UNESCO linalemba Mulanje m'gulu la malo a chuma cha dziko lonse lapansi, nkoyenera kuyembekeza kuti okwera achuluka, ndi ana a sukulu omwe. Mphunzitsi wotsogolera gulu alembetse maina ku Likhubula, atenge woperekeza, aonetsetse kuti mwana aliyense ali ndi chobvala chofunda ndi tochi, ndipo anyamuke ku Chisepo kusanache bwino. Woperekeza akayang'ana kumwamba nanena kuti lero tibwerere, gulu libwerere, ngakhale nsonga ikuoneka pafupi.