MADIGADI ATSOPANO AKAKANA KULOWA PA GALIMOTO YAKALE

Ku America kuli anthu amene amataya ndalama zoculuka ndi zaka zingapo poukitsa magalimoto akale ochedwa muscle car, ndiko kuti magalimoto a msinkhu wapakati koma a injini yaikulu ya masilinda 8. Mbiri yao inayamba ndi Pontiac GTO m'caka ca 1964, ndipo inazirala ca m'ma 1973 ndi 1974 pamene mafuta anakwera mtengo, inshuwalansi inadula, boma nalonso linakhwimitsa malamulo a utsi.

Imodzi mwa zokondedwa koposa ndi Chevrolet Camaro ya 1969. Kampani ya General Motors inapanga zoposa 240,000 m'mafakitale ace a ku Norwood ndi ku Van Nuys. Zambiri zotsala zinadyedwa ndi dzimbiri, makamaka m'zigawo zozizira kumene amawaza mcere m'miseu kuti madzi oundana asungunuke. Dzimbirilo limakonda kuyambira kunsi kwa madigadi, kuseri kwa gudumu lakutsogolo, pamene matope ndi masamba zimaunjikana. Madigadi a galimoto sali ngati a njinga ai; ndi citsulo cacikulu cocokera pa nyali kukafika pa citseko.

Popeza fakitale inaleka kale kuwapanga, makampani monga Auto Metal Direct ndi Dynacorn amagulitsa madigadi otsanzira akale aja, ndipo ambiri a mtundu umenewu amasulidwa ku Taiwan. Amafika ali akuda bii, osalala, okongola m'maso. Koma mwini galimoto akawakweza, kawirikawiri amapeza kuti mabauti sakulunjika m'mabowo, mpata wa pa citseko ndi waukulu kumwamba koma wothina kunsi.

Woumba njerwa aliyense adziwa kuti njerwa imatengera cikombole. Zikombole zatsopanozi zinapangidwa poyesa madigadi akale, motero kulakwa kwakung'ono kumatsatira citsulo ciriconse coturukamo. Komabe si cilungamo kuloza cala opanga okhaokha. Galimoto ya zaka zoposa 50 inagundapo, inaphwasulidwapo, ndipo mphira zonyamula cimango cakutsogolo zinaphwanyika, mphuno yonse n'kuwerama. Ngakhale pa fakitale pomwe, anchito anali kulowetsa timapale tacitsulo kunsi kwa mabauti kuti madigadi akhale bwino, cifukwa panalibe magalimoto awiri ofanana ndendende.

Ndico cifukwa cace mmisiri wanzeru sathamangira nyundo. Amayamba waika mphira zatsopano, naimika galimoto pa mateyala ace. Kenaka amalunjika citseko ndi thupi lakumbuyo, pakuti thupilo ndi lowocherera ndipo silisuntha. Citseko cikakhazikika ndi pamene madigadi amatsatira, boneti n'kubwera pothera. Wosokoneza dongosolo limeneli amathamangitsa mpata umodzi kuzungulira galimoto yonse osaugwira.

Mpata umene ambiri amafuna ndi wa mamilimita pafupifupi 5, wofanana kuyambira kumwamba mpaka kunsi. Nthawi zambiri timapale tija ndi tupa zimakwanira: bowo likulitsidwa pang'ono, citsulo cisendezedwa, mabauti amangidwa mosalimbitsa, citseko citsegulidwa mosamala kuona ngati cikukhula. Nchito imeneyi imabwerezedwa kambirimbiri, ndipo ndi imene imatopetsa anthu osapirira.

Zikakanika, moto umalowapo. Pamene mpata wakula, mmisiri amawocherera waya wa mamilimita 3 m'mphepete mwa madigadi, n'kupala mpaka mzere utaongoka. Pamene wathina, amapala mphepeteyo n'kuiwochereranso, popeza kupala kumatsegula msoko wa citsulo copindidwa. Ngati mimba ya madigadi yatukuka kuposa citseko, amaceka kamzere, nakankha citsulo, n'kutseka cilondaco. Ngozi yagona apa: citsulo cimeneci ndi copyapyala, pafupifupi milimita imodzi, ndipo cikatentha kwambiri cimapindika ngati cikopa ca padzuwa. Motero amawocherera kadontho apa, kadontho uko, nadikira kuti pazizire. Aulesi amakwirira zolakwa zao ndi phala lomatira, koma phala locindikala pa mphepete limathetheka citseko cikamenyetsedwa kangapo.

Utoto ndi wotsirizira. Amene amapaka asanayese amalira kawiri, pakuti tupa imaononga utoto wodula uja, ndiponso ogulitsa ambiri salandiranso madigadi opakidwa kapena odulidwa. Nyali, bampala ndi tizitsulo tonyezimira ziyenera kuyesedwa citsulo cikali cosapaka.

Alipo amisiri ena amene amagula madigadi atsopano osati kuti awakweze athunthu. Amadulako kacigawo kakunsi kokha, kuja kumene dzimbiri linadya, n'kukalumikiza ku madigadi enieni a General Motors amene akhala pa galimotoyo ciyambire 1969.