Lumo Lidula Tsiku Limodzi, Bala Lipola Masabata 6

Abambo ambiri amaopa mdulidwe wa kuchipatala chifukwa sadziŵa chimene dokotala amachita. Nkofunika tsono kuti nkhaniyi tiilongosole poyera.

Kafukufuku wa ku Orange Farm ku South Africa, wofalitsidwa mu 2005, ndi wa ku Kisumu ku Kenya ndi ku Rakai ku Uganda, wofalitsidwa mu 2007, anasonyeza kuti mdulidwe umachepetsa ndi pafupifupi 60 pa 100 chiopsezo choti mwamuna atenge HIV kwa mkazi. Nchifukwa chake bungwe la WHO linaulimbikitsa mu 2007, ndipo Malaŵi anatsatira.

Asanadule, dokotala amabaya jakisoni wochititsa dzanzi. Njira zodulira zilipo zitatu. Pa yoyamba, amakoka khungu kupitirira mutu wa chida cha abambo, nalipana ndi chopanira chachitsulo, nadula kunja kwa chopaniracho. Njirayi ndi yachangu, koma siyenera anyamata osakwana zaka 15, pakuti ikhoza kuvulaza mutuwo. Pa yachiŵiri, amayamba wang'amba khungu pamwamba m'litali kuti mutu uoneke, kenaka nalidula mozungulira. Pa yachitatu, amacheka mizere iŵiri yozungulira, wina kunja wina m'kati, nachotsa khungu la pakati pake. Imeneyi imafuna luso lalikulu. Pa njira zonsezi amamanga mitsempha ya magazi, nasoka ndi ulusi wosungunuka wokha. Palinso ShangRing, timphete tiŵiri tapulasitiki topana khungu: sipakhala kusoka, ndipo timachotsedwa pakapita masiku 7.

M'manja mwa munthu wophunzira ntchitoyi, njira zonsezi ndi zabwino. Pamene ambiri amagwa ndi kunyumba. Bandeji imachotsedwa pakapita masiku 2, koma bala limafuna masabata 6 kuti lipoleretu. Mwamuna wogonana nthaŵiyi isanakwane amatsegulira kachirombo khomo, ndipo ngati ali nako kale, akhoza kupatsira mkazi wake mosavuta. Wopaka phulusa, ndowe kapena zitsamba pabala amadziitanira kafumbata, matenda opha.

Choncho tikupempha abambo onse: pitani kuchipatala, funsani njira imene adzakudulireni, ndipo bwererani pa masiku amene mwauzidwa. Inunso amayi, thandizani amuna anu kupirira masabata ameneŵa. Bala likapola, kondomu ndi kukhulupirika m'banja zisatayidwe, pakuti mdulidwe umachepetsa chiopsezo koma suchithetsa.