Kukayikiridwa si kupezeka wolakwa

Ku Rumphi, munthu akangogwidwa ali ndi nyama ya m'tchire pafupi ndi malo otetezedwa a Vwaza kapena Nyika, anthu amagamula mlandu pomwepo: "Wapalamula ameneyo." Ine ndimati tidekhe kaye. Khoti la majisitireti silingamange munthu chabe chifukwa anthu onse pa Bolero akumukayikira. Udindo wobweretsa umboni uli m'manja mwa boma, ndipo umboniwo uyenera kuchotsa chikayiko chilichonse chomveka. Woimbidwa mlandu sakakamizidwa kutsimikiza kuti ndi wosalakwa. Akafuna, angathe kungokhala chete.

Gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko a 1994 limati womangidwa akaonekere kukhoti pasanathe maola 48. Limatinso mlandu uzengedwe m'chilankhulo chimene mwini wake akumva, apo ayi boma limupezere womasulira. Mfundo imeneyi ndi imene imandikhudza kwambiri, chifukwa ambiri kuno amalankhula Chitumbuka pomwe zolemba za khoti zimakhala m'Chingerezi. Mlimi wa fodya wa ku Hewe akangoti "inde" osamvetsa funso, zingaoneke ngati wavomera mlandu. Amene alibe ndalama zolipirira loya angathe kukapempha thandizo ku ofesi ya Legal Aid Bureau ku Mzuzu.