Lenzi yoona mumdima: zomwe imapatsa wojambula ndi zomwe imamulanda

Chigwa cha Domasi chili m'tsinde mwa mapiri a Zomba ndi Malosa, ndipo mapiriwo ali kumadzulo. Dzuwa likangopendeka, mthunzi umatsika msanga. Ojambula zithunzi pa maukwati ndi pa zinkhoswe amalidziwa vuto limeneli: perekaniperekani akafika pokoma, kunja kwayamba kale kuchita chisisira. M'tchalitchi namo, monga pa mishoni ya CCAP yomwe anthu a ku Scotland anaiyamba mu 1884, kuwala kumalowera pa mawindo pokha, ndipo fulashi imasokoneza mapemphero.

Ndiye chifukwa chake wojambula akapezako kangachepe amathamangira kugula lenzi ya 50mm yotsegula kwambiri. Imatchedwa lenzi ya pakatikati poti siyandikitsa zinthu kapena kuzitalikitsa. Imazionetsa pafupifupi monga munthu amazionera.

Chinsinsi chake chili pa bowo la mkati, lomwe limakula ndi kuchepa ngati mwanadiso. Kukula kwa bowolo kumalembedwa ndi chilembo f, ndipo nambala ikachepa, bowo limakula. Pa lenzi ya 50mm, f/2 ndi bowo la mamilimita 25, pomwe f/1.4 ndi la mamilimita pafupifupi 36. Lenzi yomwe imabwera ndi makamera ambiri, ya 18-55mm, ikakokedwa mpaka kumapeto imathera pa f/5.6. Kuchoka pamenepo kufika pa f/1.4, kuwala kolowa kumachuluka ka 16. Malo omwe lenzi wamba ikanatulutsa chithunzi chogwedezeka kapena chamchengamchenga, iyi imagwira mkwatibwi akuvina, nsalu ili m'malere.

Opanga makamera anakhala akupikisana pa nkhani imeneyi. Canon inatulutsa 50mm f/0.95 mu 1961, Leica inabwera ndi Noctilux f/1.2 mu 1966. Zeiss inapanga ya f/0.7 yoti bungwe la NASA ligwiritse ntchito, ndipo Stanley Kubrick anaitenga pojambula filimu ya Barry Lyndon ya mu 1975, mbali zina ndi kuwala kwa makandulo kokha. Koma yomwe imapezeka m'zikwama za ojambula ambiri ndi ya f/1.8, yopepuka ndi yotsika mtengo.

Kuwalako kuli ndi mtengo wake. Bowo likakula, malo ooneka bwino pa chithunzi amachepa. Pa kamera ya sensa (kachipangizo kolandira kuwala) yaikulu, munthu akaima mamita 2 kuchokera pa wojambula ndipo lenzi ili pa f/1.4, gawo looneka bwino limangokwana masentimita pafupifupi 13. Pa mita imodzi ndi theka limatsika kufika pa 7 kapena 8. Zikatero, diso la mkwati litha kutuluka lakuthwa, khutu lake lili mbuu. Mkwatibwi akatsamira pang'ono kumbuyo, nkhope yake yasungunuka.

Kwa munthu mmodzi, zimenezi n'zokoma. Wophunzira wa pa Domasi College of Education atavala mkanjo wake, kapena mayi wogulitsa tomato pa msika wa Songani, amaonekera yekha. Minibasi, zikwangwani ndi anthu odutsa kumbuyo zimangosanduka mitundu yofewa. Mafoni amakono amayesa kutengera maonekedwe amenewa ndi pulogalamu, n'chifukwa chake nthawi zina amadula m'mbali mwa tsitsi kapena mpango.

Vuto limabuka pa chithunzi cha gulu. Pa ukwati wa kuno, palibe amene amafuna kusiyidwa: ankhoswe, azakhali, amalume, amvano, onse amaima mizere itatu. Wojambula akaiwala lenzi pa f/1.4, mzere wakutsogolo umatuluka bwino koma agogo a kumbuyo sadziwika. Odziwa ntchito amatseka bowo kufika pa f/5.6 kapena f/8, n'kubwerera m'mbuyo pang'ono.

Masana nawo ali ndi zawo. Dzuwa la mu Okutobala likafika paliwombo, f/1.4 imalowetsa kuwala kopitirira muyeso. Makamera ambiri otsika mtengo amathera pa liwiro lojambulira la 1/4000 ya sekondi, ndipo pamenepo diresi loyera limangoti mbee, maluwa ake osaoneka. Wojambula amayenera kupita pansi pa mtengo, kutseka bowo, kapena kuveka lenzi galasi lakuda lotchedwa ND.

Malenzi ambiri otere sakhalanso akuthwa akatsegulidwa mpaka kumapeto: ngodya za chithunzi zimaderako, ndipo m'mbali mwa zinthu zowala mumaoneka kamzere kofiirira. Akatsekedwa pang'ono, pa f/2 kapena f/2.8, zambiri mwa izi zimatha. Wogula ayeneranso kudziwa kamera yake. Pa makamera a sensa yaing'ono, monga Canon 2000D kapena Nikon D3500, lenzi ya 50mm imaona mopanikiza ngati ya 75mm kapena 80mm, moti m'chipinda chochezera wojambula amafika pa khoma anthu asanakwanire. Kwa makamera amenewa, lenzi ya pakatikati ndi ya 35mm.